Chikantonizi chinakhala nafe m'Mozambique zaka pafupifupi 100



Kuno ku Tsangano ndi ku Macanga chakumwa cha mmawa chili ndi mayina awiri. Pakhomo timati tiyi, koma mwana akalowa m'kalasi buku la Chipwitikizi limamuuza kuti chá. Mayina onsewa kwawo ndi ku China, kungoti anayenda njira zosiyana. Dzina loti tiyi linachokera kugombe la Fujian, kumene amati te. Adatchi analitenga kumeneko, Angelezi nalilandira, ndipo ife linatipeza kudzera ku Nyasaland. Dzina loti chá Apwitikizi analitola ku Macau, pagombe la chigawo cha Guangdong, kwawo kwa Chikantonizi. Ndiye kuti mwana wa kalasi yoyamba akanena kuti chá, watchula kale liwu limene mayi wa ku Hong Kong angalimve popanda womasulira.

Papita miyezi ingapo chiyambireni kudziphunzitsa ndekha Chikantonizi, ndi foni ndi kope basi. Ndidakali poyambirira penipeni. Ndimatha kupereka moni, kuwerenga manambala, kufunsa mtengo wa chinthu ndi kutchula achibale. Anzanga akandimva ndikubwereza mawu amandifunsa funso limodzimodzi: ngati mtima uli pa Chitchaina, bwanji osaphunzira Chimandarini, chimene chimaphunzitsidwa ku Instituto Confúcio pa Universidade Eduardo Mondlane kuyambira 2012, chomwenso chingapezetse munthu ntchito yomasulira? Funsoli ndi lomveka, ndipo ndi mbale wake wa funso lija makolo amatifunsa ife ophunzitsa m'ziyankhulo ziwiri, loti mwana wanga Chinyanja apita nacho kuti. Ndiyankha mafunso onse awiri ndi mbiri, chifukwa Chikantonizi ndi chiyankhulo cha pakhomo chimene chinakhalapo m'dziko lathu lino, ndipo zimene chakumana nazo zikutikhudza.

Njira ya ku Macau

Apwitikizi anakhazikika ku Macau cha m'ma 1557. Zombo zawo zikachoka ku Lisboa zinkaima pa Ilha de Moçambique kutunga madzi ndi kudikira mphepo, kenako n'kupita ku Goa, ndipo kuchokera ku Goa zina zinkapitirira ku Malaca mpaka ku Macau. Mpaka 1752 Mozambique ankalamulidwa kuchokera ku Goa. Ife a kumtunda kuno tisaganize kuti njira imeneyi sinatikhudze. Gonçalo Caetano Pereira, amene anabwera kumpoto kwa Zambezi m'zaka za m'ma 1700 kudzafuna golide, anali wa ku Goa, ndipo ana ndi zidzukulu zake ndiwo analamulira dziko la Makanga mpaka Apwitikizi analigonjetsa mu 1902. Dzina la boma la Macanga likukumbutsa ufumu umenewo.

Pa njira yomweyo anthu akuda anafika ku China, ambiri a iwo ali akapolo. Pa 24 Juni 1622 Adatchi anaukira Macau, ndipo akapolo a ku Africa anali m'gulu limene linawabweza. M'zaka za m'ma 1900 Apwitikizi ankatumiza ku Macau asilikali otengedwa ku Mozambique, omwe ankawatcha kuti landins. Anyamata amenewa ankalondera malire a Macau ndi China, ndipo m'misika ndi m'misewu chimene ankamva tsiku ndi tsiku chinali Chikantonizi. Macau anabwerera m'manja mwa China pa 20 Disembala 1999, koma mpaka lero Chipwitikizi ndi chimodzi mwa ziyankhulo za boma kumeneko. Zikwangwani za misewu zimalembedwa m'Chitchaina ndi m'Chipwitikizi, moti mphunzitsi wa ku Furancungo atafikako angawerenge dzina la msewu osavutika, ngakhale kuti wogulitsa pamsika angamuyankhe m'Chikantonizi.

Akalipentala a ku Beira ndi Lourenço Marques

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ulendo unatembenuka, anthu a ku Guangdong anayamba kubwera kuno. Ukapolo unali utathetsedwa, ndipo atsamunda ankasowa amisiri omanga madoko, nyumba ndi njanji. Njanji yochoka ku Lourenço Marques kupita ku Transvaal inatsegulidwa mu 1895, ndipo ya ku Beira inayamba kumangidwa mu 1892 n'kufika ku Umtali, komwe lero ndi Mutare, mu 1898. Beira nthawiyo anali m'manja mwa Companhia de Moçambique, kampani imene inalamulira Manica ndi Sofala mpaka 1942. Amisiri ambiri analembedwa ntchito ku Macau ndi m'maboma anayi a kumadzulo kwake otchedwa Siyi, makamaka boma la Taishan.

Anthu a ku Taishan ali ndi kayankhulidwe kawokawo, ka m'banja limodzi ndi Chikantonizi cha mumzinda wa Guangzhou koma kosiyana nacho ndithu. Ife zoterezi sitizidabwa, poti Chinyanja cha ku Angónia, cha kunyanja ku Niassa, Chichewa cha ku Kasungu ndi Chimang'anja cha ku Chikwawa ndi ana a mayi mmodzi, koma aliyense ali ndi kakomedwe kake.

Poyamba anali ochepa kwambiri. Mu 1893 ku Lourenço Marques kunali Atchaina 52 okha. Pofika 1928 anali atapitirira 300 mumzindawo, ndipo ku Beira analipo pafupifupi 400. Oyambirira anali amuna okhaokha, ndipo ambiri anakwatira akazi a konkuno, n'kubereka ana amene pakhomo ankamva ziyankhulo ziwiri. Ntchito ya njanji itatha ena anapitiriza ukalipentala, ena anatsegula madimba a ndiwo zamasamba m'mbali mwa mzinda, ena magolosale, ndipo m'badwo wotsatira unatulutsa ojambula zithunzi ndi eni masitolo. Ku Lourenço Marques kalipentala wina wotchuka, Ja Assam, anathandiza kumanga kachisi wawo woyamba. Ku Beira anamanga nyumba ya bungwe lawo lotchedwa Chee Kung Tong, imene anthu ankangoitcha Clube Chinês, ndipo timu yawo ya basketball, Atlético Chinês, inamveka dziko lonse.

Chimene chimandigwira mtima monga mphunzitsi ndi chakuti anthu ochepa chotere, ambiri a iwo amisiri ndi alimi a m'madimba, anasonkherana ndalama n'kutsegula sukulu zawo ku Beira ndi ku Lourenço Marques, kuti ana awo adziwe kuwerenga ndi kulemba Chitchaina. Chipwitikizi sanachikane. Ana awo anachidziwa bwino, ndipo ambiri anapitiriza maphunziro m'sukulu za Apwitikizi. Makolowo anangoona kuti mwana angathe kusenza ziwiri, ndipo anaika ndalama zawo pa chikhulupiriro chimenecho.

Tsopano tiyerekeze ndi zimene zinkachitika kwathu kuno m'zaka zomwezo. Lamulo la mamishoni la 1941, Estatuto Missionário, linaika maphunziro a ana akuda m'manja mwa mamishoni a Chikatolika ndipo linalamula kuti m'sukulu muziphunzitsidwa m'Chipwitikizi. Ziyankhulo zathu zinaloledwa pophunzitsa chipembedzo. Agogo athu ankatha kuloweza katekisimu m'Chinyanja, koma masamu ankawaphunzira m'chiyankhulo chimene sanachimvepo pakhomo. Dziko linali limodzi, wolamula mmodzi, koma mwana wa mlendo anali ndi sukulu yosunga chiyankhulo cha makolo ake pamene mwana wa mwini nthaka ankachisiya pakhomo la kalasi. Sindikunena izi modandaula ndi Atchaina, pakuti nawonso ankakhala pansi pa malamulo a tsankho ndipo anachita chimene kholo lililonse likanachita. Ndikungofuna tione kuti mwayi umene tili nawo lero, wophunzitsa mwana m'Chinyanja m'sukulu ya boma, agogo athu sanaulawe.

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975 zinthu zinasintha msanga. Pa 24 Julayi chaka chomwecho boma linatenga sukulu zonse zomwe sizinali zake, ndipo mu Febuluwale 1976 linatenganso nyumba zochititsa lendi. Mabanja ambiri a Chitchaina, omwe nthawiyo anali anthu masauzande angapo, anachoka. Ena anapita ku Portugal, ena ku Macau, Canada ndi America, ndipo gulu lalikulu la a ku Beira linakakhazikika ku Brazil, makamaka mumzinda wa Curitiba, kumene mpaka pano amadzitchula kuti ndi a ku Beira. Ochepa anatsala. Atchaina ambiri amene timawaona masiku ano pa ntchito za misewu, zomangamanga ndi matabwa anabwera pambuyo pake, kuchokera m'zigawo zosiyanasiyana, ndipo chiyankhulo chowagwirizanitsa ndi Chimandarini. Umu ndi mmene Chikantonizi chinazimiririra m'misewu yathu chitamvekamo zaka pafupifupi 100, ndipo n'chifukwa chake munthu wa ku Tete amene akuchifuna lero ayenera kudziphunzitsa yekha.

Amene anayamba kudziphunzitsa

Kudziphunzitsa Chikantonizi kuli ndi mbiri yakenso. Robert Morrison, mmishonale wa ku Britain, anafika ku Guangzhou mu 1807, nthawi imene mafumu a Qing ankaletsa kuphunzitsa alendo Chitchaina. Anayambira ku London, mothandizidwa ndi mnyamata wa ku Guangdong dzina lake Yong Sam-tak, ndipo atafika ku China anapitiriza mobisa ndi aphunzitsi amene ankaika moyo wawo pachiswe. Mu 1828 anasindikiza ku Macau buku la mawu lotchedwa Vocabulary of the Canton Dialect. Chiletso chija chinayamba kuchotsedwa mu 1844, pa pangano la China ndi America limene linasainidwa ku Macau komweko. Mu 1856 Samuel Wells Williams anatulutsa dikishonale imene inaika patsogolo kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu, ndipo mu 1883 James Dyer Ball, amene anabadwira ku Guangzhou, analemba buku la oyamba kumene lotchedwa Cantonese Made Easy.

Mbiri imeneyi ikufanana ndi ya mabuku oyamba a chiyankhulo chathu. Dikishonale ya Johannes Rebmann, imene inasindikizidwa mu 1877, inalembedwa kufupi ndi Mombasa, ndipo mawu ake anachokera pakamwa pa Salimini, munthu wa kwathu amene anagwidwa ukapolo. David Clement Scott anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, atakhala zaka zambiri pakati pa eni chiyankhulo ku Blantyre. Mark Hanna Watkins analemba galamala ya Chichewa mu 1937 pofunsa wophunzira wina amene anali ku Chicago, Hastings Kamuzu Banda. Pachikuto pamalembedwa dzina la mlendo, koma kuseri kwa buku lililonse kunali mwini chiyankhulo amene anachiyamwira. Wodziphunzitsa yekha wa lero nayenso amatsamira pa eni ake, kungoti mawu awo amamupeza ali ojambulidwa pa foni.

Njira zolembera Chikantonizi ndi malembo athuwa zilipo zingapo. Ya Yale inakonzedwa ku America ndipo ndi imene ili m'maphunziro a Foreign Service Institute a 1970, omwe amapezeka ulere pa intaneti pamodzi ndi mawu ojambulidwa. Ya Jyutping inakonzedwa ndi Linguistic Society of Hong Kong mu 1993, ndipo madikishonale ambiri a pa foni amatsata imeneyi. Woyamba kumene asankhe imodzi n'kukhala nayo. Ine ndinasankha Jyutping. Vuto la malembedwe awiri ife timalidziwa kale, poti mabuku athu a ku Mozambique amalemba Cinyanja ndi c, motsata misonkhano ya kalembedwe imene inayamba mu 1988, pamene a ku Malawi amalemba ch monga ndikuchitira pano. Chiyankhulo chimakhala chomwecho, chosiyana ndi chovala chake.

Zimene Chinyanja chandipatsa

Apa ndi pamene ndikufuna aphunzitsi anzanga tichedwepo. Mabuku onse amene ndapeza amafotokoza Chikantonizi kwa munthu woyankhula Chingelezi kapena Chipwitikizi, ndipo zinthu zimene amati n'zovuta kwambiri, zambiri mwa izo Chinyanja chinandiphunzitsa kale ndili kumsana.

Choyamba ndi kamvekedwe, kutanthauza kukweza kapena kutsitsa mawu kumene kumasintha tanthauzo. M'boma lathu la Tsangano muli dera lotchedwa Ntengo-wa-Mbalame. Tchulani dzinali mokweza pa phatikizo la te, mukunena mtengo umene mbalame zimatera. Litchuleni mosakweza, mukufunsa ndalama zogulira mbalame. Palibe mwana wa kuno amene amasokoneza ziwirizi, ngakhale kuti pa pepala zimalembedwa chimodzimodzi. Khungu la pathupi ndi khungu la kusaona timazisiyanitsa momwemo. Liwu loti ndimalima likhoza kunena chizolowezi changa kapena ntchito imene ndinali kugwira posachedwa, malinga ndi pamene ndakweza mawu. Chipwitikizi chilibe zimenezi.

Chinyanja chili ndi makamvekedwe awiri, okwera ndi otsika. Chikantonizi chili ndi 6, ndipo Jyutping imawasonyeza ndi nambala kumapeto kwa phatikizo. Nambala 1 ndi mawu okwera osasintha, 2 ochoka pakati kukwera pamwamba, 3 a pakati osasintha, 4 otsika opita pansi, 5 ochoka pansi kukwera pang'ono, 6 otsika osasintha. Phatikizo loti si limapereka mawu 6: si1 ndi ndakatulo, si2 ndi mbiri, si3 ndi kuyesa, si4 ndi nthawi, si5 ndi msika, si6 ndi nkhani kapena chochitika. Kugula ndi maai5, kugulitsa ndi maai6. Tangoganizani pamsika wa mbatatesi pa Tsangano Turn-off, kugula ndi kugulitsa kutasiyana pa kakwezedwe kokha. Kuchoka pa 2 kufika pa 6 ndi ntchito ndithu, makamaka kusiyanitsa 2 ndi 5, kapena 3 ndi 6. Komabe khutu la Mnyanja limadziwa kale kuti liyenera kutchera chiyani, pamene woyankhula Chipwitikizi chokha amayamba ndi kukhulupirira kaye kuti zoterezi zilipo.

Chachiwiri ndi mpweya wotuluka ndi lembo. Ife timasiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola. Chikantonizi chimachita chimodzimodzi. Pamene Jyutping yalemba b, d, g, tchulani p, t, k wathu, ndipo pamene yalemba p, t, k, tchulani ph, th, kh. Liwu loti bei2, kupatsa, limamveka ngati pei, pamene pei4, chikopa, limamveka ngati phei. Nditangoona zimenezi ndinalemba mizere iwiri m'kope, ndipo phunziro limene m'buku latenga masamba angapo linathera pomwepo.

Chachitatu ndi mawu a m'mphuno. Ine m'Chikantonizi ndi ngo5, ndipo ng ameneyu ndi yemwe uja wa ng'oma ndi ng'ona. Ng'ombe ndi ngau4. Kufanana kumeneku kunangochitika, ziyankhulozi si pachibale, koma lilime limene linazolowera kuyamba liwu ndi ng' silivutika. Liwu lokanira ndi m4, lembo m lili lokha, ngati m wa mu mtengo kapena mphunzitsi. Nambala 5 ndi ng5.

Chachinayi ndi magulu a mayina. Powerenga zinthu Chikantonizi chimaika kaliwu pakati pa nambala ndi dzina, ndipo kaliwuko kamasintha malinga ndi mtundu wa chinthu. Munthu mmodzi ndi jat1 go3 jan4, ng'ombe imodzi ndi jat1 zek3 ngau4, buku limodzi ndi jat1 bun2 syu1, ndipo zinthu zazitali ngati msewu, chingwe ndi nsomba zimatenga tiu4. Lembo j pamenepa limatchulidwa ngati y. Ife amene timati mmodzi, imodzi, limodzi, chimodzi, kamodzi, sitifunsa kuti n'chifukwa chiyani mayina ali m'magulu. Timangoloweza dzina pamodzi ndi gulu lake, monga timaphunzitsira ana.

Mneni wa Chikantonizi sasintha, amangolandira kaliwu pambuyo. Kudya ndi sik6. Ngo5 sik6 zo2 ndi ndadya, ngo5 sik6 gan2 ndi ndikudya, ngo5 sik6 gwo3 ndi ndinadyapo. Kaliwu ka gwo3 kamagwira ntchito ya po wathu uja wa mu ndinapitapo, ndinaonapo, ndipo kumasulira kwake m'Chinyanja n'kwafupi kuposa m'Chipwitikizi.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi mayina a achibale. Chipwitikizi chimangoti tio ndi tia kwa onse. Chikantonizi chimati baak3 kwa mkulu wa bambo, suk1 kwa mng'ono wa bambo, kau5 kwa mlongo wa mayi, gu1 kwa mlongo wa bambo, ji4 kwa mkulu kapena mng'ono wa mayi. Awa ndi abambo aakulu, abambo aang'ono, amalume, azakhali, ndi amayi aakulu kapena aang'ono. Zikomo alipo awiri: m4 goi1 kwa amene wakuthandiza, do1 ze6 kwa amene wakupatsa mphatso. Ndipo moni wa anthu odziwana ndi kufunsana ngati wadya kale, chinthu chimene mlendo aliyense wofika pakhomo la Mnyanja masana amachidziwa.

Zovuta zilipo, ndipo n'zosiyana ndi za Mzungu. Maphatikizo athu amathera ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake tinapanga buku, kapu ndi sopo kuchokera ku mawu a Chingelezi othera ndi lembo lopanda liwu. Chikantonizi chili ndi mawu ambiri othera ndi p, t, k wotsekeredwa m'kamwa osatulutsidwa: sap6 ndi 10, baat3 ndi 8, luk6 ndi 6. Lilime la Mnyanja limafuna kunena sapu ndi luku, ndipo pamafunika kuliphunzitsa kuima. Pali a wamtali ndi a wamfupi, moti saam1 ndi 3 pamene sam1 ndi mtima. Palinso malembo a liwu otchulidwa milomo itasongoka, amene kwathu kulibe. Pamwamba pa zonsezi pali zilembo za Chitchaina, zomwe munthu amafunika masauzande angapo kuti awerenge nyuzipepala. Zimenezo ndaziika pambuyo.

Kaphunziridwe kanga n'komwe timagwiritsa ntchito pa kalasi yoyamba: kumva, kuyankhula, kenako kuwerenga ndi kulemba. Ndikapita kumene netiweki ikugwira bwino ndimatsitsa mawu ojambulidwa kuti ndizimvetsera kunyumba. Tsiku lililonse ndimapatula mphindi 20 kapena 30. Potchula ndimayendetsa dzanja m'mwamba, pakati kapena pansi motsata kamvekedwe. Kope langa lili ndi mizere itatu, Jyutping, Chinyanja ndi Chipwitikizi, ndipo mzere wa Chinyanja ndi umene umandithandiza kawirikawiri. Ndimadzijambulanso mawu pa foni n'kuyerekeza ndi a mwini chiyankhulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chiyankhulo chachikulu chokhala ndi nkhawa ngati yathu

Anthu oyankhula Chikantonizi ndi ziyankhulo za m'banja lake ndi oposa 80 miliyoni, kuposa anthu onse a m'Mozambique ndi Malawi kuphatikiza pamodzi. Ndi chiyankhulo cha mafilimu a ku Hong Kong aja tinkaonera m'nyumba za vidiyo tili ana. Komabe nacho chili pansi pa mthunzi wa chinzake. Kuyambira m'ma 1950 boma la China lakhala likulimbikitsa Chimandarini, ndipo lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2001 linachikhazikitsa kukhala chiyankhulo cha sukulu ndi cha maofesi. Mu Julayi 2010 anthu a ku Guangzhou anadzaza m'misewu atamva maganizo oti wailesi yakanema ya mzindawo ichepetse mapulogalamu a Chikantonizi. Ngakhale ku Hong Kong, kumene chili champhamvu, mwana amayankhula mwina n'kulemba mwina, chifukwa Chitchaina cholembedwa cha kusukulu chimatsata Chimandarini. Pakamwa amati keoi5, kutanthauza iye, koma m'kope amalemba chilembo chowerengedwa taa1. Pokana amati m4, polemba bat1.

Nkhani ya Hong Kong ya 1998 ndi yofunika kuti tonse tiidziwe. Patangopita chaka mzindawo utachoka m'manja mwa Britain, boma linalamula kuti sukulu za sekondale pafupifupi 300 ziziphunzitsa m'chiyankhulo cha ana, ndipo 114 zokha ndi zimene zinaloledwa kupitiriza m'Chingelezi. Cholinga chinali chabwino, poti ana ambiri ankangoloweza zimene sakuzimva. Koma makolo anaona kuti Chingelezi ndicho khomo la kuyunivesite ndi la ntchito, ndipo analimbirana malo m'sukulu 114 zija. Sukulu zophunzitsa m'Chikantonizi zinayamba kuonedwa ngati za otsalira. Pofika 2010 boma linafewetsa lamulolo. Makolo aja sankadana ndi chiyankhulo chawo. Ankaopa kuti mwana atsekeredwa kunja, ndipo panalibe amene anawatsimikizira mokwanira kuti chiyankhulo chachiwiri chiphunzitsidwa bwino.

Ife tili panjira yomweyo. Kuyesa koyamba kwa maphunziro a ziyankhulo ziwiri m'Mozambique, kotchedwa PEBIMO, kunachitika kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Chichangana ku Gaza ndi m'Chinyanja kuno ku Tete. Kuyambira 2003 maphunzirowa analowa m'sukulu za boma m'ziyankhulo 16, ndipo pambuyo pake zinakwana 19. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amati Chipwitikizi ndi chiyankhulo cha boma, ndiponso kuti boma liyenera kulemekeza ndi kutukula ziyankhulo zathu. Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu pafupifupi 17 pa 100 alionse ndi amene Chipwitikizi ndi chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo a Chinyanja ndi pafupifupi 8 pa 100. M'midzi ya Tsangano ndi Macanga mwana wofika kusukulu akudziwa kale Chipwitikizi ndi wosowa. Lamulo lilipo, koma likhoza kufooka ngati la ku Hong Kong makolo akapanda kuona zipatso zake.

Kwa aphunzitsi anzanga, zimenezi zikutipatsa ntchito ziwiri. Tiphunzitse kuwerenga m'Chinyanja mwaluso, ndipo phunziro la Chipwitikizi tisalipeputse ngakhale tsiku limodzi, kuti mwana wa kalasi ya ziyankhulo ziwiri akafika pamene maphunziro asinthira ku Chipwitikizi asachite manyazi pamaso pa mnzake. Pamsonkhano wa makolo tiziimika ana awerenge m'ziyankhulo zonse ziwiri, makolo adzimvere okha. Tiziwaonetsanso ana chuma chimene ali nacho kale. Lembani mtengo pa bolodi, afunseni kuti liwuli lili ndi matanthauzo angati ndipo amawasiyanitsa bwanji, kenako auzeni kuti ku China anthu mamiliyoni amasiyanitsa mawu m'njira yomweyo.

Kwa inu makolo, funso lanu loti mwana apita nacho kuti Chinyanja ndaliyankha ndi zimene ndikuziona m'kope langa. Ndine munthu wamkulu, ndikuphunzira chiyankhulo cha kutali kwambiri ndi kwathu, ndipo chimene chikunditsegulira khomo ndi chomwe ndinayamwira. Akalipentala a ku Beira analibe unduna wowathandiza, anasonkha okha ndalama kuti ana awo asataye chiyankhulo cha makolo uku akuphunzira Chipwitikizi. Ife sukulu yotero tili nayo pafupi, ya boma. Pitirizani kuyankhula ndi ana m'Chinyanja chokoma, kuwasimbira nthano ndi kuwaphera ndagi madzulo, ndipo akabwera ndi buku la Chinyanja kuchokera kusukulu, auzeni akuwerengereni.

Ngati pakati panu pali amene agogo ake anagwirapo ntchito ku Beira m'sitolo kapena m'dimba la Mtchaina, kapena anapita ku Macau ali msilikali, afunseni akuluakuluwo adakali moyo, ndipo mulembe zimene angakumbukire, ngakhale liwu limodzi lokha. Ndingakondwe kuzimva.